A Paison Nkhwazi, Telala Amene Anasiya Mabwana Awiri

Malemu amene atisonkhanitsa pano, bambo Paison Yona Nkhwazi, anabadwa pa 14 Malichi, 1924, m'mudzi wa Mdyaka kufupi ndi Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Anali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la a Yona Nkhwazi ndi mayi Selina NyaManda, makolo athu amene onse awiri anatsogola kale. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Blackson Nkhwazi, mng'ono wawo wotsiriza. Abusa, akulu a mpingo, mafumu, a tcheyamani a chipani a nthambi ino, abale ndi anansi nonse, ndiwerenga m'Chichewa kuti alamu athu amene achokera ku Mulanje amve nawo zonse. A kunyanja ndi eni mudzi wa Lupaso mundikhululukire.

M'mbiriyi muli zina zimene sitizolowera kuzitchula pamaliro. Tikuzitchula chifukwa eni ake analamula akadali ndi mphamvu, mayi a nyumba ino avomera, ndipo mwana wawo Stella, amene nkhani ina ikumukhudza, watiuza kuti tisadumphe kanthu. Malemu anandiuza kuti, "Blackson, mukadzandisambitsa kwambiri pamaso pa anthu, adzayesa kuti mukuika munthu wina."

Malemu anayamba sukulu ya kumudzi mu 1933. Mu 1937 anapita ku Bandawe, kumene anaphunzira mpaka Sitandade 4. Anasiya sukulu mu 1941 bambo athu atamwalira, kuti athandize mayi kulera ife ang'onoang'ono. Anali mnyamata wa mawu abwino poimba, ndipo pa gule wa malipenga ankaikidwa pamzere wakutsogolo. Anabatizidwa ku Bandawe komweko mu 1940.

Mu 1943 ananyamuka ndi anzawo a m'mudzi kupita ku Bulawayo kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a kwathu masiku amenewo. Analembedwa ntchito yoperekera zakudya mu hotela ina. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba chinali kusoka, ndipo anawaphunzitsa ndi mkulu wina wochokera ku Likoma amene ankagona naye chipinda chimodzi. Chachiwiri chinali mowa. Iwo ankanena kuti mowa wawo woyamba sanagule, unali wotsalira m'matambula a azungu, ndipo ankamwa poseka ndi anzawo kukhitchini.

Anabwerera kumudzi mu 1953 atanyamula makina osokera apamanja ndi masuti awiri. Chaka chotsatira, mu 1954, anakwera phiri kubwera kuno ku Mzuzu. Nthawi imeneyo tauni ino inali masitolo ochepa, matope, chifunga ndi minda ya tangi, mitengo yoyengera mafuta. Anaika makina awo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, nayamba kusoka makabudula a kaki a anthu ogwira ntchito m'minda ija. Patapita zaka anapeza kachipinda kawo, ndipo ambiri mwa inu amene munaphunzira ku Katoto munavala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo. Ena mwabwera pamaliro pano mutavala majekete amene iwo anasoka.

Pa 18 Ogasiti, 1956, anamanga ukwati woyera ndi mayi Judith Likaka a ku Mulanje, amene anabwera kuno kudzathandiza kulera ana a mlongo wawo, kalaliki wa kuboma. Anadziwana chifukwa cha dandaulo. Mayi Judith anabweza diresi limene malemu anasoka, kunena kuti mpendero wakhota. Malemu anakana, mayiwo anayala diresilo pansi pamaso pa anthu, ndipo mpenderowo unalidi wokhota. Malemu ankakonda kunena kuti anakwatira munthu yekhayo mu Mzuzu amene sankawaopa. Mulungu anawapatsa ana anayi: Percy mu 1957, Stella mu 1961, Catherine mu 1963, ndi Overtoun mu 1967.

Kuyambira cha m'ma 1958, mowa unayamba kutenga malo aakulu m'moyo wawo. Sanali munthu wandewu. Akaledzera ankangoimba ndi kugulira aliyense amene ali pafupi, motero anthu ambiri sankaonapo vuto. Amene ankaliona vutolo ndi mayi Judith, amene ankalandira pakhomo anthu odzafunsa zovala zawo zosatha, ndi ana amene ankaphunzira kumva kayendedwe ka bambo awo akadali patali. Mu 1961 mpingo unawaimitsa kudya mgonero. Malemu ankadziwa bwino Mawu a Mulungu, ndipo akulu a mpingo akabwera kudzawachezera ankabwerera atathedwa mawu. Ankawauza kuti Mkhristu anamasulidwa, sakhala pansi pa malamulo a anthu, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti chakumwa chimadetsa munthu. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, iwo anawonjezera kuti, "Dziko lamasuka lero, ine ndinamasuka kale. Pakamwa ndi panga, thumba ndi langa."

Zinthu zinatembenuka mu Seputembala 1969. Panali mtsikana wamasiye dzina lake Dinah, amene analeredwa ndi amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu. Atapeza banja, amayiwo anasonkherana nagula nsalu yoyera, naipereka kwa a Nkhwazi chifukwa panalibe telala wina wodziwa kusoka diresi la ukwati ngati iwo. Ukwati unali Loweruka. Lachinayi diresi linali litatsala mkono umodzi ndi kumsana. Ulusi unawathera, ndipo anatseka shopu kuti akagule wina. Palibe amene anawaitana panjira, palibenso amene anawakoka. Anakapezeka ali pamowa ku Chiputula, ndipo anabwerako Loweruka m'mawa belu la tchalitchi likulira.

Mayi Judith anali atathyola loko wa shopu ndi kulumikiza mkono uja pamanja, koma kumsana nthawi inawathera. Dinah analowa m'tchalitchi diresi litagwidwa ndi mapini, kumsana ataphimba ndi nsalu yobwereka. Malemu anaima patsidya pa msewu, pansi pa mtengo, osalimba mtima kuyandikira. Anaona mkwatibwi akutuluka, akuyenda moumika thupi chifukwa mapini ankamubaya. Dinah atawaona anasiya mzere, nawoloka msewu, nagwada mwaulemu, n'kunena kuti, "Yewo, adada. Mbali imene munasoka ndi yokongola chomene."

Malemu ankati akanatukwanidwa tsiku limenelo, akanabwerera ku Chiputula kukadzitonthoza. Koma mawu a mwana uja anawasowetsa pothawira. Anapita kunyumba, nakhala pansi, nauza akazi awo kuti, "Mayi a Percy, ine ndinatuluka kukagula ulusi. Mtima unkafuna ulusi, miyendo inapita ku Chiputula. Munthu amene amapita kumene sakufuna si mfulu. Alipo amene akumutuma."

Kusiya sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo anatipempha kuti tinene zimenezi momveka chifukwa cha ena amene akulimbana ndi nkhondo yomweyi. Miyezi yoyamba manja ankanjenjemera moti sankatha kulowetsa ulusi m'singano. Mayi Judith ankapita nawo kushopu m'mawa, Overtoun ali kumsana, kukawalowetsera ulusi ndi kukhala pakhomo mpaka nthawi yoweruka. M'chaka choyambacho anagwa kawiri. Ulendo wachiwiri amene anawabweretsa kunyumba anali mnzawo wa pamowa, a Herbert Mkandawire, amene anawakankha pa wilibala kuchokera ku Chiputula. Kuyambira mu Julayi 1970 mpaka tsiku la imfa yawo, mowa sunalowenso pakamwa pawo.

Mu 1971 anabwezeredwa mumpingo, ndipo mu 1974 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Ntchito inayenda bwino. Anamanga nyumba ino ya malata, ana anayamba kupita kusukulu atakhuta. Tonse tinayamika Mulungu, ndipo tinkayesa kuti nkhani yathera pamenepo.

Koma iwo eni ankazitchula zaka zimenezi kuti zaka za bwana wachiwiri. Poopa kubwerera kumene anachoka, anayamba kudzimangira mipanda, ndipo atatha kudzimangira okha anamangiranso a m'nyumba mwawo. Wailesi anagulitsa. Percy analetsedwa kusewera mpira. Nyimbo za malipenga, zimene iwo anakulira, zinakhala tchimo ngakhale kuziimba chamumtima. Anzawo akale akawapatsa moni pamsika, ankayankha akuyang'ana kumbali, ndipo a Herbert amene anawakankha pa wilibala sankaloledwa kupyola pa mpanda. Mu sesoni, bwalo la akulu a mpingo, munthu wolakwa akamva kuti a Nkhwazi alipo ankayamba kutuluka thukuta. Pa misonkhano ya chitsitsimutso ku Ekwendeni, ku Usisya ndi kwina ankaitanidwa kukapereka umboni, ndipo anthu ankalozerana kuti, uyo ndiye munthu amene anagonjetsa mowa. Malemu anavomera pambuyo pake kuti mawu amenewo ankawatsekemera kuposa chilichonse chimene anamwapo, ndipo sabata ikatha osawamva ankasowa mtendere.

Mu 1978 Stella, ali Folomu 3, anapezeka ndi pakati. Mnyamata wake anakana, nachoka m'tauni muno. Malemu sanafunse mwana wawo mmene akumvera, kapena ngati akuopa. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Anthu adziwa kale?" Atamva kuti adziwa, analamula kuti Stella achoke pakhomo sabata isanathe. Ife abale tinayesa kulankhula nawo, abusa a nthawi imeneyo anayesanso, koma anati mkulu wa mpingo sangaweruze ana a ena akusunga tchimo m'nyumba mwake. Stella anakwera basi yekha kupita ku Mulanje kwa amalume ake. Kumeneko anabereka mwana wamwamuna, Elson. Dzina la Stella linaletsedwa kutchulidwa m'nyumba muno.

Mayi Judith anapirira mpaka mu 1980. Tsiku lina Lamulungu, malemu atabwera kuchokera kokapereka umboni, anakhala pakhonde ili akufotokoza mokondwa mmene anthu analirira pomva mawu awo. Mayi anawathirira tiyi, nadikira kuti amalize, kenaka anati, "Bambo a Percy, mowa munasiya, koma ludzu simunasiye. Kale munkamwa masese, lero mukumwa ulemu wa anthu. Masese anatidyera ndiwo ndi zovala. Uwu watidyera mwana."

Malemu anakwiya, ndipo kwa masabata angapo ankadya osalankhula. Koma inali nyengo yosoka yunifolomu, ndipo tsiku ndi tsiku m'shopu mwawo munkalowa atsikana a msinkhu wa Stella kudzayezetsa masiketi. Anatiuza kuti tsiku lina, akulemba miyeso ya mwana wa munthu wina, anadzifunsa kuti, kodi pakanapanda munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa, ndikanamuthamangitsa mwana wanga? Anapeza kuti sakanatero. Pamenepo anazindikira kuti amene anathamangitsa Stella si Mulungu ayi, ndi maso a anthu, ndipo iwo anangotumidwa monga anatumidwira ku Chiputula.

Mu Okutobala 1980 anapempha sesoni kuti iwamasule pa ukulu wa mpingo. Akulu anzawo anawakakamiza kuti akhalebe, popeza panalibe mlandu umene anapalamula. Iwo anati, "Mpandowu ndi wabwino, vuto ndi ine. Ndikaukhalira ndimaledzera." Anatseka shopu nakwera basi ya ku Limbe, kenaka ya ku Mulanje.

Alamu athu amene ali panowa ndi mboni ya zimene zinachitika kumeneko. Malemu ankayembekeza kuti Stella akawaona adzalira ndi kulongedza katundu. Stella anawalandira mwaulemu, anawapatsa madzi osamba ndi chakudya, anawaonetsa mdzukulu wawo. Koma atamuuza kuti abwera kudzamutenga, iye anafunsa kuti, "Adada, mwabwera chifukwa mukundifuna ine, kapena mukufuna anthu a ku Mzuzu adzanene kuti a Nkhwazi ndi munthu wokhululuka?" Malemu anayankha kuti, "Mwana wanga, sindikudziwa. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri." Stella anati, "Ndiye pitani. Chikadzatsala chimodzi, ndidzabwera."

Sananyamuke nthawi yomweyo. Anakhala kwa alamu awo mpaka mvula yoyamba, akuthandiza kukonza munda, akusoka zigamba pa zovala za anthu othyola tiyi, madzulo akunyamula Elson pamiyendo. Kenaka anabwerera okha. Anthu kuno anaseka. Ena ankati telala wataya mpando ndipo mwana sanamupeze. Iwo sanadziteteze, sanafotokozere munthu aliyense za ulendowo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anakana kuitanidwa kokapereka umboni. Madzulo ankakhala kumbuyo kwa nyumba akuumba njerwa. Anawonjezera chipinda chimodzi, anachipaka laimu, anaikamo bedi ndi kamphasa ka mwana, nachitseka. Sanatumize uthenga ku Mulanje kuti chipinda chilipo. Mayi atawafunsa chifukwa chake, anati, "Ndikamuuza, chikhala nyambo."

Stella anabwera yekha mu Disembala 1981, mwana ali kumsana, popanda womuitana. Anapeza bambo ake ali kushopu. Malemu anaimitsa makina, anamuyang'ana, n'kungoti, "Mwafika, amama. Tiyeni kunyumba." Anatenga chikwama cha mwana wawo n'kuchisenza okha, kudutsa pakati pa msika masanasana. Stella anapitiriza maphunziro ake kudzera m'sukulu ya makalata, anakhoza mayeso a Folomu 4 mu 1984, ndipo lero ndi mlembi pa ofesi ina kuno ku Mzuzu. Elson wakulira m'manja mwa agogo ake.

Zaka khumi zotsiriza za moyo wawo ndi zimene ambiri a inu mukuzikumbuka bwino. Anagulanso wailesi, ndipo Loweruka masana ankamvera mpira pamodzi ndi Overtoun, akukangana ngati anyamata. A malipenga akabwera kuchokera kunyanja, ankapita kukaonera, ndipo ndodo yawo inkavina ngakhale miyendo inali itatopa. Anapita kwa a Herbert Mkandawire kukapepesa, ndipo anayamba kumawayendera ku Chiputula, pamalo omwe aja. Anzawo akumwa zawo, iwo ankamwa chindongwa, thobwa la kuno losaledzeretsa, akusewera bawo. Wina akaledzera kwambiri ankamuperekeza kwawo. Alipo amuna pano, sindiwatchula, amene anasiya mowa chifukwa cha macheza amenewo. Aliponso amene sanasiye, koma malemu sanaleke kuwapatsa moni.

Akhristu ena anadandaula kuti munthu wa mbiri yawo sayenera kuoneka pamalo otero. Abusa atawafunsa, anayankha kuti, "Abusa, poyamba ndinkati ndikafika pakhomo paja sindingathe kudutsa osalowa. Kenaka ndinkati sindingathe ngakhale kudutsa msewu wake. Onse awiriwo anali akapolo. Tsopano ndimalowa ndikafuna kuona mnzanga, ndipo ndimatuluka ndikafuna kupita kwa mkazi wanga." Koma achinyamata amene anali atangosiya kumene ankawaletsa kutsanzira zimenezo. Ankawauza kuti bala likadali laliwisi salipititsa ku ntchentche. Sanabisenso kuti chilakolako sichinafe. Ankati, "Ludzu limabwerabe, makamaka Lachisanu dzuwa likapendeka. Ndimalipatsa moni, chifukwa tinadziwana kalekale. Koma mpando sindilipatsa."

Mu 1985 mpingo unawapemphanso kuti abwerere pa ukulu. Anavomera ntchito imodzi yokha, yoyendera odwala ndi amene anaimitsidwa mgonero. Ambiri amene ankaopa kuonekera kutchalitchi chifukwa cha manyazi anabwerera atagwirana nawo dzanja, ndipo iwo ankakhala nawo pa benchi ya kumbuyo.

Mu 1989, aphunzitsi atauzidwa kuti aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo, Percy anachoka ku Dedza kumene anagwira ntchito zaka zambiri, nabwera kuno mtima uli wowawa. Anayamba kulankhula mawu oipa za anthu a zigawo zina, kuiwala kuti mayi ake omubereka ndi a ku Mulanje. Malemu sanamudzudzule pagulu. Anamutengera kushopu, namupatsa nsalu kuti awagwirire podula, namuuza kuti, "Kumva kuwawa ndi ufulu wako, sindikuletsa. Koma mkwiyo ukayamba kukusankhira anthu oti uwapatse moni, udziwe kuti walembedwa ntchito, ndipo bwana ameneyo salipira." Percy watipempha kuti tinene kuti mawu amenewo anamuthandiza, ngakhale sanawalandire tsiku lomwelo.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba mu Novembala 1990. Anapita kuchipatala kuno ku Mzuzu, kenaka anatumizidwa ku Lilongwe, kumene madokotala anapeza chotupa m'chiwindi, nanena kuti nthawi yochita opaleshoni inali itadutsa. Anabwerera kunyumba mu Febuluwale chaka chino cha 1991. Anafunsa okha kuti auzidwe zoona, ndipo atauzidwa anati sakudabwa, chifukwa chiwindicho anachigwiritsa ntchito yakalavulagaga pa unyamata wawo.

Ululu utakula, wachibale wina wowafunira zabwino anabweretsa kabotolo ka mowa wa chizungu, kunena kuti pang'ono pokha pangawathandize kupeza tulo, ndipo Mulungu sangawaimbe mlandu munthu wodwala chotere. Malemu anathokoza. Anati, "Mwanena zoona, si tchimo, ndipo wodwala wina mukhoza kumupatsa. Koma ine mlendo ameneyu ndimamudziwa. Akalowa satuluka, ndipo masiku amene anditsalirawa ndikufuna ndiziwazindikira ana anga." Anapitiriza kumwa mankhwala a kuchipatala okha, ndipo anakhala ndi nzeru zawo mpaka kumapeto.

Mayi Judith, Stella ndi Catherine ankasinthana powasamalira. Sabata yatha anaitana ana onse, nalankhula ndi aliyense payekha. Zimene anawauza ndi za iwo eni. Abusa anabwera kudzawapatsa mgonero Lachisanu, ndipo malemu anapempha kuti a Herbert, amene anali panja, alowe adzakhale nawo m'chipindamo ngakhale sadya nawo. Anatisiya Lolemba pa 10 Juni, 1991, dzuwa litangotuluka, m'nyumba mwawo muno, mayi Judith atawagwira dzanja. Amwalira ali ndi zaka 67.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Judith Nkhwazi, amene akhala nawo m'banja zaka 34. Asiya ana anayi: Percy, mphunzitsi, amene ali ku Rumphi; Stella, amene ali pakhomo pano; Catherine, namwino, amene ali ku Nkhata Bay; ndi Overtoun, amene watenga makina a bambo ake. Asiya zidzukulu zisanu ndi zinayi, wamkulu wawo ndi Elson. Mwa ana asanu ndi awiri a bambo Yona Nkhwazi tatsala awiri, alongo athu a Lettie NyaNkhwazi amene akhala apo ndi amayi, ndi ine.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi akulu a mpingo chifukwa cha mapemphero ndi maulendo anu osatopa. Ndikuthokoza amayi a Umanyano amene mwagona pano kuyambira Lolemba, mukuimba ndi kuphika m'chisanu chino cha Juni. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a kuno ndi a ku Lilongwe. Ndikuthokoza matelala anzawo a pamsika, amene mwatseka mashopu lero ndipo mwasoka nsalu ya m'bokosi ndi manja anu. Ndikuthokoza anansi a ku Lupaso, a ku Geisha ndi a ku Katoto chifukwa cha nkhuni, ufa ndi mipando, ndiponso achinyamata amene mwakumba manda m'dothi lolimba. Alamu athu a ku Mulanje, mwayenda ulendo wautali, ndipo munasunga mwana wathu pa nthawi imene ife tinalephera. Mulungu akubwezereni. Kwa nonse, yewo chomene.

Mawu otsiriza ndi a kwa inu abale a kunyanja. Tikudziwa kuti mitima yanu siinakondwe pomva kuti thupi silitsika phiri kukagona pafupi ndi bambo ndi mayi ku Mdyaka, monga mwa mwambo wathu. Dzulo tinakambirana nthawi yaitali, ndipo ena mwa inu munaganiza kuti ndi mayi kapena ana amene akana. Si iwo ayi. Ndinawafunsa ndekha akulu angawa, kawiri konse, ndipo kachiwiriko a Lettie analipo. Anayankha kuti, "Ukawauze kuti kwathu sindikukana. Kunyanja anandibereka, ndipo amandikumbuka ndili mnyamata wabwino. Koma anthu a ku Mzuzu anandiona ndili m'ngalande, anandionanso ndili pampando ndikuwaloza chala, ndipo konseko anandipirira. Ndikufuna tsiku lodzuka ndidzadzuke pakati pa anthu amene akundidziwa."

Choncho tikachoka pano tipita kutchalitchi, kenaka kumanda a konkuno. Tiyeni tiwaperekeze ndi mtima umodzi.

Pitani bwino, akulu anga. Ambuye amene munawatumikira mwa kufuna kwanu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.